Tsiku Limene Ndinabwereketsa Ophunzira Anga

Ndinachoka kwathu kuchigwa cha Ntcheu ndi mphasa, kabokosi ka malata, ndi matama okwanira anthu atatu. Ndinali nditamaliza makalasi onse a pasukulu ya kwathu, ndipo azungu a mishoni anandisankha kuti ndikalowe kalasi yapamwamba ya aphunzitsi ku mapiri a Dowa. M'mudzi mwathu munalibe amene anafikapo pamenepo. Amayi anandiperekeza mpaka pamtsinje, n'kundiuza kuti ndisadzabwere ndisanatenge pepala la uphunzitsi. Iwo sankadziwa kuti pepalalo limaoneka bwanji, inenso sindinkadziwa. Tinkangomva kuti mphunzitsi wa pepala amavala jekete, amayang'anira masukulu a anzake, ndipo akafika kwa mzungu amapatsidwa mpando.

Ndinayenda pafupifupi mlungu wathunthu. Dowa inandilonjera ndi mphepo yolowa mpaka m'mafupa, ine mwana wa kotentha nditangovala kansalu kamodzi. Anzanga ankaseka kalankhulidwe kanga, ine ndinkaseka masamu awo, ndipo ndinkaona kuti wopambana ndine.

Maphunzirowo anali a zaka ziwiri, koma sunkangokhala pabenchi ayi. Ukaphunzira miyezi ingapo pamishoni, ankakutumiza kumudzi kuti ukaphunzitse. Pamapeto pake mzungu woyendera masukulu ankabwera pamachila, n'kuwerenga mitu ya ophunzira ako, n'kuwapatsa buku kuti amve ngati wawaphunzitsadi. Akakondwa, unkabwerera kukachita chaka chachiwiri n'kulandira pepala. Akapanda kukondwa, unkakalambira pamudzi pomwepo. Chaka chimenecho anatiuza mosabisa kuti benchi ya chaka chachiwiri ndi yaifupi. Tinatumizidwa awiri ku mapiri a Ntchisi, koma wobwerera anayenera kukhala mmodzi.

Mnzanga wachiwiriyo anali mnyamata wa komweko, wofatsa, koma wa mutu wolemera. Sindinkamuopa mpang'ono pomwe. Kunena zoona ndinkamumvera chisoni, ndipo kangapo konse ndinamuthandiza masamu ochotsera, amene ankamutulutsa thukuta ngakhale kunja kukuzizira.

Amene ankatiyang'anira kumeneko anali aphunzitsi aakulu a sukulu ya kuseri kwa phiri, bambo a pepala, a jekete yakuda yothetheka m'zigongono. Tsiku limene ndinafika anandifunsa mfunda wanga ndi wa amayi anga. Atamva kuti amayi ndi a mfunda umodzi ndi iwo, anaomba m'manja.

“Ndiye kuti ndine malume ako! Kuno si iwe mlendo, mwana wanga. Wafika kwanu.”

Anaona mmene ndinkanjenjemerera, n'kulowa m'nyumba, n'kutulukamo ndi bulangete lakale lofiira. Misozi inalengeza m'maso mwanga. Munthu ukakhala kutali ndi kwanu, mawu akuti mwana wanga amakukhutitsa kuposa chakudya. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawatchula kuti amalume. Mnzanga wa mutu wolemera uja anali mwana wa mlongo wawo weniweni, wa bere limodzi. Zimenezo ndinkazidziwa bwinobwino. Ine ndi nzeru zanga za masamu ndinangoti ndiye kuti tonse ndife abale, basi.

Sukulu imene anandipatsa inali chisakasa cha udzu, mipando ya zipika, ndi masileti anayi, limodzi losweka pakona. Mlungu woyamba kunabwera ana ochepa ndi mbuzi imodzi, ndipo mbuziyo ndi imene sinkajomba. Akuluakulu a kudambwe sankafuna kumva za sukulu. Chimanga chitayamba kukhwima, ana onse anathawira kuminda kukaingitsa anyani. Ndinkaima pakhomo pa chisakasa changa ndikuitana mpaka mawu kusasa, nkhungu ikutsika m'phiri, ndikudzifunsa kuti kodi ndinayendera chiyani ulendo wonse uja.

Amene anandipulumutsa anali bambo wina wa imvi, wosula makasu. Anali mkamwini pamudzipo: anabadwira kuseri kwa phiri, kumudzi kwa amalume aja, n'kudzakwatira kuno zaka zambiri zapitazo. Dzanja lake lamanja linapsa kalekale pang'anjo, moti chala chachikulu chinamatirira ku chinzake, ndipo khungu lake linali lotuwa ndi lonyezimira. Tsiku lina anabwera ana atapita, n'kutulutsa kalata m'kansungwi. Inali ya mwana wake amene anapita ku Halale.

“Ndikuwerengereni, bambo?” ndinafunsa.

“Iyayi, aphunzitsi. Bwanji ngati walembamo za m'nyumba mwanga? Mundiphunzitse, ndidzawerenge ndekha.”

Kalatayo anaibwezera m'kansungwi osaitsegula. Mawa lake anabwera ndi khasu lakutha, n'kulimangirira pamtengo wa msuku umene unali pakhomo pa sukulu, n'kundipatsa kachitsulo koimbira.

“Mawu anu ndi aang'ono. Muziitana ndi ili.”

Anakhala pachipika pakati pa ana a msinkhu wa zidzukulu zake, osachita manyazi. Cholembera ankachipanira pakati pa zala ziwiri zapakati, chifukwa chachikulu chija sichinkagwira. Ndikadutsa pachisakasa chake chosulira ndinkapeza walemba zilembo paphulusa, chitsulo chili pamoto. Anali wosachedwa kupsa mtima, inenso chimodzimodzi, choncho tinkakangana ngati atambala. Koma anthu ataona kuti munthu wa imvi, amene amawasulira makasu, akukhala pansi pamaso pa kamnyamata ka ku Ntcheu, anayamba kubwera. Anabwera amayi awiri ndi ana kumbuyo, kenaka anyamata, kenaka ana aja anabwerako kwa anyani. Pofika nyengo yokolola zipika zinachepa, ena ankakhala pansi. Tsiku limene wosula makasu anatsegula kalata ija n'kuiwerenga yekha, milomo ikugwedera, ine ndinatembenukira kumbali kuti asaone nkhope yanga. Pepala ndinkaliona lili kale m'manja mwanga.

Tsopano panali kachitidwe kena kamene aliyense ankakadziwa kupatula mzungu. Machila sankakwera phiri, ankazungulira njira ya kumunsi. Mzungu akayendera sukulu ina lero, ina ankafikako mawa lake dzuwa litakwera. Koma munthu wa miyendo yake, podzera kanjira ka m'nkhalango, ankadutsa phirilo nthawi yochepa. Choncho aphunzitsi ankabwerekana ophunzira. Obwerekedwawo ankakhala kumbuyo, n'kumaimba mokweza, n'kuchulukitsa mitu. Buku sankawapatsa. Mzungu ankachoka atakondwa, mphunzitsi atakondwa, ana atadya mbatata za eni mudzi.

Kutatsala masiku atatu kuti machila afike, amalume anabwera kusukulu kwanga. Anakhala pachipika, n'kupukusa mutu.

“Mwana wanga, sukulu yanga yapwa. Ndakhala ndikuyendayenda kuyang'anira inu, kwanga n'kumagwa. Mzungu ayambira kwa ine. Ndibwereke asanu owerenga bwino, ndipo wosula makasu akhalepo. Mawa lake ndidzakubwezera ako asanuwo, n'kuwonjezapo anga khumi. Kupatsa n'kuika.”

“Koma amalume, pamishoni anatiuza kuti limeneli ndi bodza.”

Anaseka. “Pamishoni! Amene anakuuzawo anafika bwanji pamene alipo? Usandichititse manyazi, mwana wa mlongo wanga.”

Ndinayang'ana pansi. Ndani amakana malume, makamaka amene akufunditsa? Ndinavomera.

Wosula makasu anakana. “Ine ndakalamba, aphunzitsi. Ndikanamize anthu kumudzi kumene ndinabadwira? Amene mwandiphunzitsa ndinu.”

Ndinamunyengerera. Ndinamuuza kuti akangokhala kumbuyo n'kuimba, kuti si kanthu, kuti akuthandiza ine. Potsiriza anati, “Chabwino, poti mwanena ndinu.” Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero, chifukwa munthu amene sankafuna kunama ndinamukankha ndi manja anga.

Anapita asanu m'mamawa, n'kubwerako dzuwa litapendeka. Ndinawachingamira pamsuku.

“Zayenda bwanji, bambo?”

“Sanandiike kumbuyo,” anatero wosula makasu. “Anandiika patsogolo penipeni. Ndawerenga tsamba lonse. Mzungu anagwira dzanja langali n'kufunsa chimene chinandiwotcha.”

Ndinaganiza zoti mawa lake ndimuuze akhale kunyumba. Koma m'mawa, machila asanaoneke, amalume anatulukira pakanjira ka m'nkhalango ali okha. Khumi aja panalibe.

“Ali m'njira,” anatero. Nditawauza nkhawa yanga anandigwira paphewa. “Umubise? Ameneyu ndiye ulemerero wako wonse. Azungu sasiyanitsa nkhope zathu, ndayenda nawo zaka zambiri ine. Mukhazike patsogolo.”

Ndinamukhazika patsogolo.

Machila anafika dzuwa litakwera, onyamula akuimba. Mzunguyo anali wamtali, wofiira m'khosi, wolankhula Chinyanja chotulukira m'mphuno koma chomveka. Mudzi wonse unasonkhana kunja kwa chisakasa. Tinaimba, anawerenga mitu, anagwedeza mutu mokondwa. Ana anayankha masamu osaphonya. Ndinaona akulemba m'kabuku kake akumwetulira, ndipo mtima wanga unayamba kutsika. Kenaka anatenga buku n'kulipereka kwa munthu wa patsogolo. Wosula makasu anatambasula dzanja.

Mzungu sanalisiye bukulo. Anayang'ana dzanjalo, n'kuyang'ana nkhope, n'kubwereranso padzanja.

“Iwe, sindinakuone dzulo kuseri kwa phiri?”

Mzungu anayendetsa maso, n'kuloza amayi aja awiri, n'kulozanso anyamata awiri. Onse asanu anawatola ngati akutola nyemba m'mchenga. Kenaka anatembenukira kwa amalume.

“Anthu awa ndi a sukulu iti?”

Ine ndinkayembekeza kuti amalume, munthu woyenda ndi azungu, ali ndi mawu otipulumutsira tonse. Anavula chipewa, n'kuweramitsa mutu ngati munthu wa pamaliro.

“Ndi anga, bwana. Ndalakwa. Mnyamatayu anandichonderera kuti sukulu yake ilibe owerenga, ndipo ndinamumvera chisoni poti ndi mlendo. Bamboyu ndi mwana wa m'mudzi mwathu. Mufunseni kumene anabadwira.”

“Unabadwira kuti?” mzungu anafunsa wosula makasu.

Bambo uja anandiyang'ana. Milomo yake inagwedera monga inkachitira powerenga. “Kuseri kwa phiri, bwana.”

Sananame. Ndipo mzungu sanafunsenso kuti nanga umagona kuti, mkazi wako ali kuti, ng'anjo yako ili kuti, ngakhale utsi wake unkaoneka kuchokera pakhomo pa sukulupo. Anthu a pamudzi anali pomwepo, onse odziwa zoona. Koma masiku amenewo munthu sunkayankha mzungu funso limene sanakufunse.

“Ndi zoona zimenezi?” Tsopano ankafunsa ine.

Ndakhala ndikuyankha funso limenelo zaka zonsezi, ndikulima, ndikusamba, ndikuyenda panjira, ndipo ndili ndi mayankho abwino kwambiri. Koma tsiku limenelo ndinangoti kakasi. Ndikanati ayi, ndiye kuti ndatchula munthu wamkulu, wa pepala, kuti ndi wabodza pamaso pa mlendo ndi pamaso pa mudzi. Ndikanati ndine ndinabwereketsa, ndiye kuti ndavomerabe chinyengo. Ndiponso, ndinene zochititsa manyazi, ndinkaganizabe kuti amalume akudziwa chimene akuchita, kuti pali nzeru ina imene ine mwana sindikuiona. Ndinawayang'ana kuti andipatse chizindikiro. Iwo ankayang'ana chipewa chawo.

Kukhala chete kwanga mzungu anakutenga ngati yankho. Anafafaniza zimene analemba zija. Anati asanuwo abwerere kwa mwini wawo ndipo ndiwachotse m'kaundula wanga. Anati munthu wachinyengo sangalowe chaka chachiwiri, ndipo ankafuna kundichotsa ntchito tsiku lomwelo. Apo amalume anagwada.

“Mukhululukireni, bwana. Ndi mwana. Musiyeni aziphunzitsa pompano, ine ndizimuyang'anira.”

Mzungu anawayamikira chifukwa cha mtima wawo wachifundo ndi chifukwa chovomera kulakwa. Ine anandiuza kuti ndiwathokoze. Ndinawathokoza, anthu onse akumva.

Machila atanyamuka, mutu wanga unayamba kugwira ntchito, mochedwa ngati mvula ya chaka cha njala. Obwereka amakhala kumbuyo, nanga amalume anamuikiranji patsogolo wosula makasu? Mwa ophunzira anga onse, anasankhiranji wa dzanja losaiwalika, wobadwira kwawo? Khumi aja anali m'njira iti? Ndinathamanga n'kuwapeza amalume pakanjira ka m'nkhalango, asanalowe m'mitengo.

“Amalume, mwandichita chiyani?”

Sanakane, ndipo chimenecho ndi chimene chinandipsetsa mtima koposa. Anaima, n'kuvala chipewa chawo bwinobwino.

“Ukanakhala iwe ukanatani? Mlongo wanga ali ndi mwana wamwamuna mmodzi yekha. Akakhala wopanda pepala, mbumba yonse idzafunsa ine. Iwe uli ndi mutu, sudzafa ndi njala. Chibale n'fupa, mwana wanga, sichiwola.”

“Nanga ine si mwana wa mlongo wanu? Si mmene munanenera?”

“Wa mfunda,” anatero mofatsa, ngati akukonza masamu a mwana. “Bulangete lija usabweze, kuno kumazizira.”

Ndinafuna kuwagenda. Ndinatola mwala ndithu, koma ndinangoima nawo m'manja mpaka jekete yakuda ija inalowa m'mitengo. Bulangetelo ndinalumbira kuti ndilitentha. Ndinalifunda zaka zina zitatu, chifukwa mkwiyo sufunditsa.

Mkwiyowo ndinakautula pa munthu wosalakwa. Madzulo a tsiku lomwelo wosula makasu anabwera kunyumba kwanga, n'kukhala pansi pakhonde.

“Aphunzitsi, ndinayankha chimene anandifunsa.”

“Munalibe pakamwa poti muwonjezere? Miyezi yonseyi ndakuphunzitsani kuti mudzandigulitse?”

Anadzuka pang'onopang'ono. “Ine ndinakana kupita,” anatero, n'kumapita kwawo.

Kuseri kwa phiri sanapiteko, ndipo kwa ine sanabwerenso. Makalata a mwana wake ankawerenga yekha pachisakasa chake. Tikakumana tinkapatsana moni mwaulemu wonse, ngati anthu amene sanakanganepo chifukwa cha chilembo. Anamwalira ndisanamupepese. Khasu lija sanadzalitenge, ndipo ndinapitiriza kuliimba m'mawa uliwonse.

Mnzanga wa mutu wolemera anabwerera kumishoni kukakhala pabenchi yaifupi ija. Ine kabokosi kanga ka malata, kamene ndinasiya kumeneko ndi mabuku anga poganiza kuti ndidzabwerera, anakatumiza ndi anthu onyamula katundu. Kwathu ndinatumiza mawu akuti maphunziro atalika. Chaka chotsatira ndinatumizanso omwewo. Amayi anali atandiuza kuti ndisabwere wopanda pepala, ndipo ine ndinawamvera mopitirira muyeso. Uthenga wa maliro awo unandipeza ndili pamsuku pomwepo, kachitsulo kali m'manja.

Ndinakwatira pamudzipo, n'kusanduka mkamwini ngati wosula makasu uja. Chisakasa chinasanduka nyumba ya zidina. Kawiri ndinapempha kuti andiyesenso, ndipo kawiri konse anandiyankha kuti nkhani yanga inalembedwa. Ana amene ndinawaphunzitsa anayamba kubweretsa ana awo.

Patapita zaka zambiri, azungu anasiya kuyendera okha masukulu a kumapiri, n'kuyamba kutuma aphunzitsi a pepala. Tsiku lina m'mawa kunafika njinga. Wokwerapo anali atanenepa, atavala jekete, koma ndinamuzindikira asanatsike. Anali mnzanga uja. Amalume ake anali atamwalira kale, ataikidwa ndi nyimbo zambiri.

Ndinamupatsa mpando wanga, ine n'kuima. Anali waulemu, anandifunsa za banja, anayamikira denga. Ana anadzaza mpaka pakhomo. Anawerenga mitu, akusuntha milomo monga ankachitira kale pa masamu ochotsera, ndipo anabwereza kawiri kuti atsimikize. Kenaka anandiyang'ana akumwetulira, n'kunena mokweza, ana onse akumva:

“Onsewa ndi anu, aphunzitsi? Kapena tifunse kuseri kwa phiri?”

Anaseka, kuseka kwa munthu amene akukumbutsa mnzake zachibwana zakale zimene zinakhululukidwa. Ndinamuyang'ana m'maso kufuna kuona ngati akudziwa. Munalibe kanthu. Amalume ake sanamuuze. Zaka zonsezi ankavala jekete ija ndi mtima woyera, akukhulupirira kuti ine ndinabera ndipo iye anapambana.

Yankho ndinali nalo, lokonzeka kuyambira tsiku la machila lija. Koma amene akanandichitira umboni anali kumanda, wina kuno, wina kuseri kwa phiri. Ana anga ankandiyang'ana, kudikira kuti amve ngati mphunzitsi wawo ndi wakuba.

“Ndi anga,” ndinatero. “Muwafunse kumene amagona.”

Sanamve chimene ndinkatanthauza. Anasekanso, n'kulemba m'kabuku kake kuti sukulu ili bwino, n'kukwera njinga yake. Ine ndinatenganso mpando wanga, n'kuuza ana kuti atulutse masileti.